Sefa ya 0.22 ikutsekeka msanga, ndiponso puloteni ikusowa ikasefedwa

Pipeti_Yabuluu
Akuluakulu a pa gulu lino, ndithandizeni pa mavuto awiri. Loyamba: DMEM (medium, madzi a chakudya olereramo maselo) yokhala ndi serum 10%, yokwana 500 mL, ikamasefedwa pa sefa ya pabotolo ya 0.22 µm ndi pampu ya vacuum, imayenda bwino poyamba, koma ikafika cha m'ma 150 mL imayamba kudontha mpaka kuimiratu. M'botolo la pansi mumadzaza thovu, ndipo mtundu wa phenol red (utoto wosonyeza pH wa mu medium) umapendekera ku pinki. Lachiwiri: puloteni ya 20 µg/mL, yokwana 2 mL, ikadutsa pa sefa ya sirinji imatuluka itachepa pafupifupi ndi theka. Masefa a sirinjiwo ndi a nylon, 0.22 µm, 25 mm. Kodi ndingosintha n'kumagwiritsa ntchito 0.45 µm ponseponse?

MaseloAmoyo
Pa medium ya maselo musayerekeze kupita ku 0.45. Kutsekeka kuchepa, koma mabakiteriya ena adutsa. Mavuto anu awiriwo ndi osiyana, ndipo kukula kwa timabowo si kumene kwalakwika pa lililonse.

Kachubu_kDa
A Pipeti, ndiyambe ndi la puloteni. Nylon ndiyo ikukudyerani puloteniyo. Bowo la 0.22 µm ndi 220 nm, pamene ngakhale antibody ya 150 kDa kutalika kwake ndi cha m'ma 15 nm basi. Ndiye sikuti ikulephera kudutsa ayi, ikumatirira m'makoma a timabowo. Membrane, kapepala kosefera ka m'kati mwa sefa, mkati mwake ili ngati siponji, malo omatirirapo ndi ambiri kuposa amene mukuwaona pamwamba. Nylon ndi nitrocellulose zimagwira mapuloteni mwamphamvu. Nitrocellulose imagwira 80 mpaka 100 µg pa cm² iliyonse, n'chifukwa chake timaikonda pa Western blot. Sefa ya 25 mm ili ndi malo osefera a 3 mpaka 4 cm². Inu puloteni yanu yonse ndi 40 µg. Kutuluka theka n'kwamwayi kale.

Tengani membrane yosagwira puloteni kwambiri: PES, PVDF yokonda madzi, kapena cellulose acetate. Chachiwiri, pa 2 mL sefa ya 25 mm yakula mopitirira. Ya 13 mm imakwana mpaka 10 mL, ya 4 mm ndi ya zosakwana 1 mL, ya 25 mm ndi ya mpaka 100 mL. Sefa ikachepa, malo omatirira amachepa, madzi otsalira m'kati mwa chikuto chake amachepanso. Chachitatu, ngati n'kotheka sefani puloteni idakali yambiri, tinene pa 1 mg/mL, kenako muisungunule ndi buffer (madzi a mchere osunga pH) yosefedwa kale. Zimene membrane imagwira zili ndi malire, ndiye pa 1 mg/mL kutaya 20 µg sikuoneka, koma pa 20 µg/mL ndi tsoka.

Nyali_ya_Bunsen
Kuwonjezera apo, ena amayamba adutsitsa BSA (puloteni ya m'magazi a ng'ombe) ya 0.1% kuti itseke malo omatirira, kenako n'kutsuka ndi buffer. Zimathandiza, koma musatero ngati puloteni yanu ikupita ku mass spec kapena mukaiyeza ndi Bradford, chifukwa BSA yotsalira ikusokonezerani zotsatira.

Pipeti_Yabuluu
Zikomo a Kachubu. Nanga madzi otsalira m'sefa aja, pali njira yowatulutsira?

Nyali_ya_Bunsen
Musanakoke sampulo, kokani kaye mpweya wokwana 1 mL m'sirinji. Mukamasefa sirinji italoza pansi, mpweyawo umakhala pamwamba ndipo umabwera pomaliza n'kukankha madzi otsala pamwamba pa membrane. Mukamva kuti yalimba, lekani. Mpweya sudutsa pa membrane yonyowa yokonda madzi pokhapokha mutaukakamiza kwambiri. Pa chifukwa chomwecho musalole mpweya kulowa poyamba kapena pakati, chifukwa thovu likakhala pa membrane yonyowa limatseka malo, ndipo munthu amaganiza kuti sefa yatsekeka ndi zinyalala pamene ndi mpweya chabe.

Dontho47
Ndipo musamagwiritse ntchito sirinji ya 1 mL pa masefa amenewa. Sirinji ikachepa, puresha imene chala chimapanga imakula, chifukwa mphamvu yomweyo ikugwera pa malo ochepa. Ya 1 mL imatha kung'amba membrane kapena kuphulitsa chikuto. Yambirani 10 mL kupita m'mwamba. Komanso osakoka chokankhira m'mbuyo sefa ili pomwepo. Chotsani kaye sefa, dzazani, bwezeranipo.

MaseloAmoyo
Tibwerere ku medium. Chimene chikutseka sefa si DMEM, ndi serum. Serum ikasungunuka kuchokera mufiriza imakhala ndi timibulu ta fibrin, mafuta monga cholesterol, ndi timchere ta calcium phosphate. Ikasungunulidwa mothamanga m'madzi otentha osaitakasa, timibuluto timachuluka. Ikatenthedwa pa 56 °C kwa mphindi 30 kuti complement ife, timachulukanso. Maselo sativutika nato, koma sefa ya 0.22 imativutikira, chifukwa timayala pamwamba pa membrane n'kupanga kachikuto konanda. Mukawonjezera vacuum pamenepo mumangokanikizira kachikutoko m'timabowo.

Chochita ndi ichi. Sungunulani serum usiku wonse pa 2 mpaka 8 °C, kenako muzizunguza botolo pang'onopang'ono. Ngati timibulu tikuoneka, iikeni m'machubu a 50 mL osabala (opanda tizilombo), izunguzeni mu centrifuge pa 400 × g kwa mphindi zisanu, n'kutenga ya pamwamba yokha. Koma funso lalikulu n'lakuti, mukuisefera chiyani serum? Yogula nthawi zambiri imabwera itasefedwa kale katatu pa 0.1 µm. Sefani medium ndi zowonjezera zanu popanda serum, kenako thirani serum mu hood (kabati ya mpweya wosefedwa) mosamala. 450 mL ya DMEM yopanda serum imadutsa pa PES m'kanthawi kochepa.

Agar_ndi_Moto
Pamenepo sindikugwirizana nanu kwenikweni a Maselo. Botolo la serum likatsegulidwa kangapo ndi anthu osiyanasiyana, palibe amene angalumbire kuti likadali loyera. M'labotale ya anthu ambiri, kusefa medium yonse pamodzi ndi serum pomaliza kumapulumutsa maselo. Njira yake ndi kuika sefa yoyambirira. Kapepala ka glass fibre pamwamba pa membrane kamagwira timibulu tisanafike pa 0.22. Kapena dutsitsani serum yokha pa 0.8 kapena 0.45 kaye. Mukhozanso kuthira medium yopanda serum poyamba, serum n'kubwera kumapeto, kuti ikamatseka ikhale kuti zambiri zadutsa kale.

MaseloAmoyo
Botolo la serum silifunika kutsegulidwa kangapo. Tsiku loisungunula igawidwe m'machubu a 50 mL, aliyense azitenga chubu chake. Koma za glass fibre ndikuvomereza, kwa amene akufunabe kusefa zonse.

Bikaboneti
Za pinki ndiyankhe ine. DMEM ili ndi sodium bicarbonate 3.7 g pa lita, RPMI 1640 ili ndi 2 g pa lita. Vacuum imakoka CO2 kuchoka m'madzi, ndipo CO2 ikachoka pH imakwera. N'chifukwa chake popanga medium ya ufa malangizo amanena kuti pH ikhazikitsidwe yotsika ndi 0.1 mpaka 0.3 kuposa imene mukufuna, chifukwa ikwera posefa. Inu sefa yanu ikutsekeka, ndiye medium ikukhala pa vacuum nthawi yaitali, CO2 n'kuchoka yambiri. Mukathetsa kutsekeka, vuto la pH lichepa lokha. Ngati yapendekera pang'ono, imabwerera mu incubator ya CO2 chivindikiro chitamasulidwa pang'ono. Ikafika pofiirira ngati papo, onani ngati mulibe timchere tasanjikana pansi, chifukwa pH ikakwera kwambiri calcium ndi phosphate zimagwa, ndipo zimenezo sizibwerera bwino.

Thovu nalo ndi la vacuum yamphamvu. Thovu ndi mapuloteni a serum amene akuwonongeka pokumana ndi mpweya. Chepetsani vacuum, ndipo muzimitse madzi akangotha pamwamba. Pa malita ambiri, kukankha ndi pampu ya peristaltic kudzera mu capsule kumaposa kukoka ndi vacuum, chifukwa thovu ndi kukwera kwa pH zimachepa.

Dontho47
Musaiwale botolo la msampha pakati pa sefa ndi pampu, komanso kasefa ka PTFE pa payipi. PTFE imakana madzi, imalola mpweya wokha, ndiye thovu likakwera silifika mu pampu.

Wophunzira_wa_Micro
Pepani ndilowerere. Ena alemba 0.2, ena 0.22. Kodi 0.2 ndiyo yabwino kuposa?

Mkulu_wa_Autoclave
Ayi mwana wanga, pa ntchito ndi chimodzimodzi. Nambala imeneyo sikutanthauza kuti bowo lililonse layezedwa n'kupezeka 0.22. Mu PES, PVDF ndi cellulose timabowo n'tokhotakhota ndiponso n'tosiyana kukula. Chimene chimapatsa sefa udindo wochotsa mabakiteriya onse ndi mayeso. Amatenga bakiteriya wamng'ono kwambiri, Brevundimonas diminuta, amene kale ankatchedwa Pseudomonas diminuta, n'kuthira osachepera 10 miliyoni pa cm² iliyonse ya membrane, ndipo pansi pasatuluke ndi mmodzi yemwe. Njira yake ndi ASTM F838. Ndiye pogula, yang'anani ngati wopanga walemba kuti sefayo inapambana mayeso amenewo. Pali masefa a 0.2 opangidwira kuyeretsa masampulo a HPLC, amene sanayesedwe motero ndipo sabwera osabala.

Kale anthu ankakhulupirira 0.45. Anasintha m'zaka za m'ma 1960 atapeza kuti bakiteriya ameneyu amadutsamo. Ma membrane enieniwo ndi akale kuposa pamenepo: Richard Zsigmondy, amene analandira mphoto ya Nobel ya chemistry ya 1925, ndiye anawakonza ku Göttingen pamodzi ndi Wilhelm Bachmann cha m'ma 1918, ndipo Sartorius inayamba kuwapanga ogulitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920.

Wophunzira_wa_Micro
Zikomo akulu. Koma ndasokonezeka. Ngati mabakiteriya amadutsa pa 0.45, bwanji poyeza madzi akumwa timagwiritsa ntchito 0.45 yomweyo kuti tiwagwire?

Madzi100mL
Funso labwino. Zolinga ndi ziwiri zosiyana. Posefa medium mukufuna zimene zadutsa, ndipo bakiteriya mmodzi akapulumuka zonse zawonongeka. Poyeza madzi mukufuna zimene zatsala pamwamba, ndipo mukufuna zimere. E. coli ndi ma coliform anzake ndi aakulu mokwanira kuti 0.45 iwagwire, pamene timabowo take timalola chakudya cha mu agar kukwera bwino kufika kwa iwo, ndiponso madzi amadutsa msanga. Membrane yake imakhala ya mixed cellulose ester kapena cellulose nitrate, 47 mm, ya mizere yothandiza powerenga.

Poti mwafunsa, kachitidwe kake ndi aka. Ngati madziwo ali ndi klorini, botolo lotengera sampulo likhale ndi sodium thiosulfate, apo ayi klorini ipitiriza kupha mabakiteriya pa ulendo ndipo mupeza ziro yabodza. Fanelo ndi pokhalira pake zikhale zophikidwa mu autoclave. Chopanira chonyamulira membrane chikhale cha milomo yosalala. Chiviikeni mu ethanol, chiwotcheni, chidikireni chizizire. Ikani membrane mizere ikuyang'ana kumwamba, mangani fanelo. Khutchumulani sampulo mwamphamvu, chifukwa mabakiteriya amamatirirana ndiponso amakhazikika pansi. Thirani 100 mL vacuum isanayatsidwe, kenako yatsani. Madzi akatha tsukani makoma a fanelo katatu ndi buffer yosabala ya 20 mpaka 30 mL. Zimitsani vacuum musanachotse fanelo. Poika membrane pa agar musaigwetse yonse nthawi imodzi. Yambani ndi m'mphepete imodzi n'kumaigoneka pang'onopang'ono kuti pansi pasatsale thovu. Pamene pali thovu chakudya sichifika, ndipo pamakhala chigamba chopanda kanthu.

Pa agar ya m-Endo, 35 °C kwa maola 22 mpaka 24, ma coliform amanyezimira ngati chitsulo. Pa m-FC, 44.5 °C kwa maola 24, a m'chimbudzi amakhala a buluu, ndipo kutentha kumeneko sikufuna kusewera, kusiyana kololedwa ndi 0.2 °C basi. Pa chromogenic coliform agar ya ISO 9308-1, pa 36 °C, E. coli amakhala wa buluu wakuda pamene ma coliform ena amakhala a pinki kapena ofiira. Mbale yabwino kuwerenga ndi ya ma colony (timagulu ta mabakiteriya amene amera) 20 mpaka 80 pa m-Endo, 20 mpaka 60 pa m-FC. Chiwerengero pa 100 mL ndi ma colony kuchulukitsa ndi 100, kugawa ndi mamililita amene mwasefa. Muyezo wa WHO wa madzi akumwa ndi woti E. coli asapezeke mu 100 mL.

Agar_ndi_Moto
Chimodzi chimene ambiri amaphonya: madzi akakhala oipa kwambiri n'kufuna kusefa 1 mL yokha, thirani kaye buffer ya 10 mpaka 20 mL m'fanelo, sampulo ibwere pamwamba pake, muzunguze pang'ono. Mukathira 1 mL pa membrane youma, ma colony onse amaunjikana malo amodzi, osawerengeka. Ndipo pa gulu lililonse la masampulo pakhale membrane imodzi imene mwadutsitsapo buffer yokha, poyamba ndi pomaliza. Ikamera kanthu, fanelo kapena buffer yanu ndiyo yadetsedwa.

Madzi100mL
Zoona. Komanso madzi a matope kwambiri sagwirizana ndi njira imeneyi. Matope amatseka membrane ndipo amaphimba ma colony. Pamenepo pitani ku MPN, njira yoyerekeza chiwerengero cha mabakiteriya polera sampulo m'machubu angapo.

MaseloAmoyo
Tachoka patali ndi funso la a Pipeti, koma pali china chokhudza medium chimene sitinatchule. 0.22 siichotsa mycoplasma. Tizilombo timeneti tilibe khoma la selo, timapindika n'kudutsa. Sefa yake ndi 0.1 µm, imene amaiyesa ndi Acholeplasma laidlawii.

Kachubu_kDa
Koma musawauze kuti azisefa chilichonse pa 0.1. Imayenda pang'onopang'ono ndipo imatsekeka msanga kuposa imene ikuwavuta kale. Mycoplasma yambiri m'malabotale masiku ano imachokera ku maselo ena odwala ndi kwa anthu ogwira ntchito, osati ku medium yogula. Chothandiza ndi kuyeza maselo ndi PCR pafupipafupi, kupatula maselo atsopano mpaka atayezedwa, ndi kusagwiritsa ntchito botolo limodzi la medium pa mitundu iwiri ya maselo.

MaseloAmoyo
Sindinanene kuti chilichonse. Koma zochokera ku nyama zimene mwakonza nokha, monga serum yotenga nokha kapena trypsin ya ufa, zimafunika 0.1. Mfundo yanga ndi yoti munthu asamaone 0.22 n'kuganiza kuti zonse zatha. Mavairasi amadutsa. Endotoxin imadutsa, ndiye ngati buffer inamera mabakiteriya n'kuisefa pambuyo pake, mwachotsa matupi awo koma poizoni wawo ali momwemo, ndipo ma macrophage adzakuuzani. DNase ndi RNase zimadutsanso. Ngakhale Leptospira, poti ndi wowonda kwambiri ndiponso amasambira, amadutsa pa 0.22, moti ena amagwiritsa ntchito zimenezi pomulekanitsa ndi mabakiteriya ena amene alowerera mu culture.

Vekita_Lenti
Poti mwatchula mavairasi. Amene mukukolola lentivirus, sefa yake ndi 0.45 µm ya PES kapena cellulose acetate, osati nitrocellulose, chifukwa nitrocellulose imagwira mapuloteni a pa chikuto cha vairasi ndipo titer (kuchuluka kwa vairasi) imagwa. Cholinga apa ndi kuchotsa maselo ndi zidutswa zake. Zunguzani kaye pa 500 × g kwa mphindi 5 mpaka 10, kenako sefani modekha. Vairasiyo ndi ya cha m'ma 100 nm, ndiye pa pepala ikuyenera kudutsa pa 0.22, koma imakonda kumatirirana ndipo yambiri imatsalira. Pa ma phage (mavairasi olowa m'mabakiteriya), 0.22 imagwira bwino ntchito yowalekanitsa ndi mabakiteriya, kupatula ma phage akuluakulu kwambiri amene amatha kutsalira pa sefa.

Nyali_ya_Bunsen
Wina atchule za DMSO (solvent yosungunulira mankhwala), chifukwa imawononga ambiri. Cellulose acetate imasungunuka mu DMSO. Mankhwala osungunulidwa mu DMSO yokhayokha asefedwe pa PTFE, nylon kapena regenerated cellulose. Ndiye nylon ya a Pipeti isatayidwe, ili ndi ntchito yake: ma solvent a HPLC, DMSO, ma buffer opanda puloteni. PTFE wamba amakana madzi, ndiye ngati mukufuna kudutsitsa za madzi muyambe mwamunyowetsa ndi ethanol kapena isopropanol, kapena mugule PTFE yokonda madzi. Pa HPLC tayani 1 mL yoyamba, chifukwa ndi imene imatenga zotsalira za ku fakitale n'kubweretsa ma peak achilendo.

Wophunzira_wa_Micro
Nanga munthu angadziwe bwanji kuti membrane sinang'ambike posefa?

Mkulu_wa_Autoclave
Pali mayeso a bubble point. Membrane ikanyowa bwino, madzi amagwira m'timabowo, ndipo kuti mpweya uwatulutse pamafunika puresha. Bowo likakula, puresha yofunika imachepa, ndiye bowo lalikulu kwambiri ndilo limayamba kutulutsa mpweya. Mumanyowetsa membrane yonse ndi madzi oyera, mumalumikiza mpweya wokhala ndi geji kumtunda, payipi ya kunsi n'kuiviika m'madzi. Kwezani puresha pang'onopang'ono mpaka muone thovu likutuluka mosalekeza. Pa PVDF yokonda madzi ya 0.22 nambala yake imakhala cha m'ma 3.45 bar, kapena kuti 50 psi, koma tsatirani imene wopanga walemba pa sefa yanuyo. Thovu likabwera msanga, mwina membrane yang'ambika, mwina O-ring sinakhale bwino, mwinanso simunanyowetse mokwanira. Nyowetsaninso n'kubwereza musanagamule. Dziwaninso kuti serum, detergent ndi alcohol zimatsitsa nambalayi, ndiye tsukani ndi madzi musanayeze.

Pa sefa ya sirinji pali kayesedwe kachidule. Mukamaliza kusefa, kokani mpweya m'sirinji ya 10 mL n'kukankha. Ikakana n'kubweza chala, membrane ili bwino. Mpweya ukangodutsa mosavuta, musakhulupirire zimene mwasefazo. Pa medium, tengani 5 mL muiike mu incubator pa 37 °C kwa masiku awiri kapena atatu musanaipatse maselo ofunika. Ngati mu medium muli maantibayotiki, mayeso amenewa amatha kubisa vuto, ndiye tengani sampuloyo musanawathire.

Kachubu_kDa
A Pipeti, mukatsatira zija zosefa puloteni idakali yambiri, mwina mufuna kuiunjika kaye. Pamenepo mwalowa mu ultrafiltration, kumene sefa siyezedwa ndi µm koma ndi kDa. Sankhani MWCO (malire a kulemera kwa mamolekyu amene sefa imagwira) yochepa katatu kapena kuposerapo poyerekeza ndi puloteni yanu: ya 30 mpaka 50 kDa ikufuna 10 kDa, IgG ikufuna 30 kapena 50 kDa. Mukatenga yofanana ndi kulemera kwa puloteni, yambiri idutsa, chifukwa nambalayo imangonena pamene pafupifupi 90% ya mamolekyu obulungira amagwidwa. Yambani mwazunguza madzi kapena buffer kuti glycerol ya pa membrane ichoke, ndipo ikanyowa isaumenso. Zunguzani mphindi 5 mpaka 10, imani, takasani ndi pipeti osakhudza membrane, bwerezani. Mukaisiya nthawi yaitali, puloteni imaunjikana pafupi ndi membrane kuposa mmene ilili pamwamba, n'kuyamba kugwa. Madzi odutsa musawataye mpaka mutayeza kuti mulibe puloteni.

Posintha buffer, kuunjika kakhumi n'kudzazanso katatu kumachotsa 99.9% ya mchere wakale. Chenjerani ndi ma detergent monga Triton X-100, chifukwa ma micelle ake ndi aakulu ndipo pa 10 kDa amaunjikana pamodzi ndi puloteni.

Maikulosikopu_x40
Palibe watchula polycarbonate ya track-etched. Imeneyi ndiyo ili ndi timabowo toongoka, tobulungira, tofanana kukula, ndipo pamwamba pake ndi posalala, ndiye chilichonse chimene chagwidwa chimakhala pamwamba pomwe, choonekera pa maikulosikopu. Yakuda ya 0.2 µm ndi ya kuwerenga mabakiteriya a m'madzi ndi DAPI kapena acridine orange. Pa likodzo la m'chikhodzodzo, 10 mL ya mkodzo wotengedwa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana imadutsa pa sefa ya 12 mpaka 20 µm, n'kudonthezapo Lugol, n'kuwerenga mazira a Schistosoma haematobium. Mazira 50 kapena kuposerapo pa 10 mL ndiye kuti matenda ndi aakulu. Pa ma microfilaria, 1 mL ya magazi imadutsa pa 5 µm. Mu Transwell (kakapu kolerera maselo kokhala ndi membrane pansi), 8 µm ndi ya kuyeza kuyenda kwa maselo, 0.4 µm ndi ya kulera mitundu iwiri ya maselo osakhudzana. Koma imatsekeka msanga chifukwa timabowo n'tochepa, ndiye musaigwiritse ntchito posefa medium.

Pipeti_Yabuluu
Ndathokoza nonse. Ndisintha: PES ya 13 mm pa puloteni, medium kusefa yopanda serum, vacuum yochepa. Funso lomaliza. Ndikakhala ndi mabotolo atatu a buffer zosiyana, kodi ndingagwiritse ntchito sefa imodzi ya pabotolo pa onse atatu?

Dontho47
Madzi amodzimodzi, nthawi yomweyo, mu hood, mukhoza kusuntha sefa kuchoka pa botolo losabala kupita pa lina, bola kunsi kwake kusakhudze kanthu. Buffer zosiyana ayi. Zotsalira za yoyamba zimalowa mu yachiwiri, ndipo phosphate ikakumana ndi calcium kapena magnesium mu membrane zimagwa n'kuitseka.

Mkulu_wa_Autoclave
Ndipo isagone kuti muigwiritsenso ntchito mawa. Mabakiteriya amene yagwira pamwamba ndi amoyo, ali pa chinyezi ndi chakudya. Amachulukana, amatulutsa endotoxin, ndipo pakapita nthawi ena amatha kumera mpaka kutulukira kunsi. Masefa a pabotolo otayidwa amakhalanso ndi chikuto cha polystyrene chimene chimapindika mu autoclave. Ngati mukufuna zobwereza, tengani chogwirira cha galasi, chitsulo kapena polysulfone cha 47 mm, muziikamo membrane yatsopano n'kuphika zonse pa 121 °C kwa mphindi 15 mpaka 20, zomangira zitamasulidwa pang'ono kuti membrane isang'ambike, n'kuzimanga zikazizira. Musanatero onani pa bokosi ngati membrane yanuyo imaloledwa kuphikidwa, chifukwa si zonse.

Bikaboneti
Pa buffer zitatuzo onaninso ngati zonse zikufunikadi sefa. PBS yopanda calcium ndi magnesium, saline ndi madzi zimapirira autoclave. Sefa isungireni zimene moto umawononga: ampicillin ya 100 mg/mL, kanamycin ya 50 mg/mL, IPTG, L-glutamine, mavitamini, bicarbonate, trypsin ndi chilichonse chokhala ndi puloteni. Glucose ya 20% kapena 40% nayo ndi bwino kuisefa kapena kuiphika payokha, chifukwa ikaphikidwa limodzi ndi ma amino acid kapena phosphate imada n'kupanga zinthu zolepheretsa mabakiteriya ena kumera. Ya 40% ndi yonanda, ndiye isefeni idakali yofunda pang'ono.